Sikelo, Sabata ndi Zenera la pa Sitoro

 Nkhani yathu ya lero ndi ya mtundu wa anthu umene dzina lace tonse tilidziwa kuyambira ubwana wathu, koma mwambo wace ambiri sitiudziwa. Ndiri kunena Ayuda, ndi cilamulo cao, ndi umo cilamuloco cinayesedwera m'dziko lathu lino.

Taganizani za mnyamata wa ku Lundazi amene ananyamuka ulendo wa ku migodi ca m'ma 1950, citupa ciri m'thumba, bulangete liri pa phewa. Za Ayuda anali atamva kale. Aphunzitsi a ku Chasefu, mishoni imene inali nthambi ya Livingstonia, anamuuza za Abrahamu, za Mose ndi za Davide. Koma iye anayesa kuti Ayuda ndi anthu a m'buku mokha, amene anatha kalekale pamodzi ndi Afilisti ndi Akanani. Pa boma la Lundazi panalibe sunagoge, ndipo masitoro a kumeneko ndi a ku Fort Jameson, kumene lero tikucha Chipata, ambiri anali a Amwenye ocokera ku Gujarat. Tsono atafika ku Ndola kapena ku Kitwe, nakagula malaya ace oyamba ndi ndalama za tikiti yoyamba, anzace anamnong'oneza kuti mwini sitoroyo ndi Myuda. Anadabwa ndithu. Kodi anthu awa alipobe? Nanga cinawasunga n'ciani zaka zonsezi, pamene mitundu inzao ya m'buku lomwe lija inazimirira?

Cilamulo cosenza m'mutu

Yankho lace liyambira m'caka ca 70, pamene Aroma anaononga Yerusalemu ndi kutentha Kacisi. Kufikira tsiku limenelo cipembedzo ca Ayuda cinali ndi malo ace amodzi, ndi ansembe ace, ndi guwa lace la nsembe. Zonsezi zinatha m'nkhondo imodzi. Tiyerekeze kuti mfumu yafa, bwalo lapsa, kacisi wa mizimu wagumulidwa, anthu abalalika. Mwambo ukhala bwanji?

Aphunzitsi ao, amene amachedwa arabi, anasonkhana m'mudzi wa Yavne motsogozedwa ndi Yohanan ben Zakkai. Iwo anapangana kuti popeza guwa palibe, pemphero ndi maphunziro ndi nchito zacifundo zilowe m'malo mwa nsembe. Cuma cao cinali Torah, ndiwo mabuku asanu a Mose, omwe aja tiwawerenga m'Buku Lopatulika kuyambira Genesis kulekeza Deuteronomo. Arabi anawerenga m'menemo malamulo 613. Koma lamulo lolembedwa silinena zonse. Linena kuti munthu apumule tsiku la Sabata, osalongosola kuti nchito n'ciani. Linena kuti woononga alipe, osachula kuti alipe zingati. Cotero panali mau ena a pakamwa, amene mphunzitsi anapatsira wophunzira wace, monga umo akulu a kwathu apatsira ana miyambo pa mphala.

Ca m'ma 200 Rabi Yehuda ha-Nasi, wa ku Galileya, anasonkhanitsa mau a pakamwawa m'buku lochedwa Mishnah. Liri ndi zigawo 6: za minda ndi mbeu, za Sabata ndi maphwando, za ukwati ndi cisudzulo, za milandu ya kuononga ndi ya malonda, za nsembe, ndi za kuyera ndi kudetsedwa. Mibadwo yotsatira inakambirana Mishnah mau ndi mau, makamaka ku Babulo, dziko limene lero ndi Iraq, ndipo zokambirana zao zinalembedwa ca m'ma 500 m'buku lalikulu lochedwa Talmud. Masamba ace ndi 2,711. Kuyambira 1923 pali mwambo woti munthu awerenge tsamba limodzi tsiku ndi tsiku, ndipo kuti alitsirize bukulo papita zaka 7 ndi miyezi 5. Cilamulo conseci iwo acicha halakha, mau ocokera ku liu la Cihebri lotanthauza kuyenda. Ife tikadati mayendedwe.

Munthu wa ku Lundazi akadalowa m'nyumba yophunziramo Talmud sakadayesa kuti ali m'sukulu. Akadayesa kuti ali pa bwalo la kwa Mwase tsiku la mlandu. Ophunzira akhala awiriawiri, nawerenga mokweza, natsutsana. Wina ati ciweruzo ndi ici; mnzace amfunsa kuti wacitenga kuti, namponyera mlandu wina wofanana nao kuti aone ngati ciweruzoco ciima. Mwana wofunsa funso lobvuta ndiye atamandidwa, pakuti iwonso adziwa kuti safunsa anadya phula. Cina codabwitsa n'cakuti mau a wogonja pa mtsutso safafanizidwa. Panali magulu awiri akale, la Hillel ndi la Shammai, amene anasiyana pa milandu yambirimbiri. Kawirikawiri ciweruzo cinatsata Hillel, koma mau a Shammai analembedwa pambali pace kufikira lero, kuti bwalo la m'tsogolo likhale ndi poyambira ngati liona kuti akale anaphonya.

Ng'ombe, moto ndi dzenje

Mungayese kuti mabuku otere akamba za kumwamba zokhazokha. Iai. Akamba za ng'ombe, ndipo Angoni ndi Atumbuka oweta zoweta adzamva msanga.

Ng'ombe ya munthu ikabaya ya mnzace ndi nyanga, mwini alipa theka lokha la mtengo wa cionongekoco, cifukwa sanadziwe kuti ng'ombe yace ndi yolusa. Koma ikabaya katatu, mboni nizimcenjeza mwiniyo, ndiye kuti tsopano adziwa. Ikabayanso alipa mtengo wonse. Ng'ombe ikalowa m'munda wa mwini ndi kudya mmera, mwini ng'ombe alipa zonse ngakhale ndi tsiku loyamba, pakuti palibe munthu wosadziwa kuti ng'ombe imadya, ndipo kuitsekera ndi udindo wace. Woyatsa moto pa malo pace, motowo nuolokera kwa mnansi ndi kutentha nkhokwe, alipa. Osaka mbewa m'cilimwe amve. Wokumba dzenje m'njira ya anthu onse, osalibvundikira, alipa bulu amene agweramo.

Pansi pa milandu yonseyi pali ganizo limodzi: munthu aweruzidwa monga mwa cimene anadziwa, kapena cimene anayenera kudziwa. Akulu a pa bwalo la kwathu akhala akuweruza comweco, ngakhale sanacilembe.

Sikelo ndi malipiro

Tsopano tifike pa zimene zikhudza inu a m'tauni. Torah iletsa kukhala ndi miyeso iwiri, waukulu wogulira ndi waung'ono wogulitsira. Arabi sanalekere pomwepo. Mishnah ilamula mwini sitoro kutsuka zoyesera zace kawiri pa mlungu, kupukuta miyala ya sikelo kamodzi pa mlungu, ndi kupukuta mbale ya sikelo nthawi iri yonse atayesa, kuti mafuta kapena zotsalira zomatirira zisambere wogula ngakhale pang'ono pokha.

Mtengo naonso uli ndi malire. Cinthu ca masheleni 6 cikagulitsidwa masheleni 7 kwa munthu wosadziwa mtengo wace, wogulitsa abweze sheleni imodzi. Cikagulitsidwa masheleni 8, wogula ali ndi mphamvu ya kubweza katunduyo ndi kulandira ndalama zace. Wogula nayenso ali ndi lamulo lace: asafunse mtengo ngati mumtima mwace alibe ganizo la kugula, pakuti kutero ndiko kunyenga mnzako ndi ciyembekezo cabe. Ngakhale mbasela anaikambirana. Rabi Yehuda anati mwini sitoro asapatse ana mtedza ndi tirigu wokazinga kuti azolowere kudza kwa iye yekha, cifukwa alanda malonda a anzace. Arabi ena anati palibe colakwa, popeza mnzaceyo angathe kupatsa ana zipatso. Ciweruzo cinatsata ambiriwo, ndipo mbasela inaloledwa.

Za wanchito cilamulo cinena molimba koposa. Waganyu wa usana alandire zace kusanace. Wa usiku alandire dzuwa lisanalowe. Wa pa mlungu kapena wa pa mwezi alandire pomwe nthawi yace yathera. Buku la Deuteronomo lionjeza kuti lamuloli liteteza mbale ndi mlendo yemwe, pakuti wosauka moyo wace uli pa malipirowo. Wolemba nchito sangakakamize anthu kulawira kapena kuweruka mocedwa kuposa mwambo wa malowo, ngakhale ataonjeza ndalama. Wanchito angathe kuleka nchito pakati pa tsiku, cifukwa iye si kapolo wa munthu. Ndipo pakauka mkangano, bwana nati ndinalipira, wanchito nati sindinalandire, nthawi ya malipiro isanapitirire, wanchito ndiye alumbira ndi kulandira. Arabi anati bwana ali ndi anchito ambiri ndipo aiwala msanga, koma wanchito saiwala malipiro ace. Inu amene makolo anu ananyanyala nchito mu 1935, mu 1940 ndi mu 1952, onani kuti mafunso a malipiro ndi akale ndithu.

Koma cilamulo sicikondera. Mose Maimonides, rabi ndi sing'anga wochuka amene anabadwira ku Spain nafera ku Aigupto mu 1204, analemba kuti wanchito asabe nthawi ya bwana wace, ndiponso asagwire nchito yace usiku wonse ndi kudza m'mawa ali wolefuka. Iye yemweyo anasanja mphatso zacifundo m'makwerero 8, nati yoposa zonse ndiyo kupatsa munthu nchito, kapena ngongole, kapena kugwirizana naye pa malonda, kuti asadzapemphenso.

Sabata lao liyamba Lacisanu dzuwa litalowa, litha Loweruka nyenyezi zitaturuka. Nchito zoletsedwa ziri m'mitundu 39, ndipo kugula ndi kugulitsa komwe kuletsedwa. Wopumula si mwini nyumba yekha, koma wanchito wace ndi ng'ombe yace yomwe. Moyo wa munthu ukakhala pangozi, malamulo onse a Sabata apatuka. Pa cakudya, sadya nkhumba, sadya mwazi, sasakaniza nyama ndi mkaka. Nsomba adya ya mamba ndi zipsepse yokha, cotero mlamba sadya, ndipo mbewa zathu za kum'mawa sazikhudza n'komwe.

Kucokera ku Lithuania kufika pa Zambezi

Nanga cilamulo ici cinafika bwanji kuno? Ayuda ambiri amene anadza kum'mwera kwa Afrika anacokera ku Lithuania ndi maiko oyandikana nalo, amene masiku aja anali pansi pa mfumu ya Russia. Dziko limenelo linali likulu la maphunziro a Talmud. Sukulu yochuka ya ku Volozhin inatsegulidwa mu 1803. Rabi Israel Salanter, amene anamwalira mu 1883, anaphunzitsa kuti n'kwacabe kusamala za m'mbale ndi kusasamala za m'thumba. Munthu afufuze kumene kwacokera ndalama yace monga afufuza kumene kwacokera nyama yace. Rabi Israel Meir Kagan, wa m'mudzi wa Radin, amene banja lace linadya za m'kasitoro, anasindikiza mu 1873 buku lathunthu la malamulo oletsa miseche ndi ukazitape.

Koma anthuwo anali osauka ndi oponderezedwa. Boma la Russia linawaikira malire a kumene angakhale, ndipo kuyambira 1881 magulu a anthu anali kuwathira nkhondo m'midzi mwao, kufunkha ndi kupha. Anyamata ambiri anathawa, ena ku America, ena ku Johannesburg ndi Bulawayo. Mu 1901 abale awiri, Elie ndi Harry Susman, a m'mudzi wa Rietavas, anaoloka Zambezi pa Kazungula kukagula ng'ombe m'dziko la Mfumu Lewanika. Ena anatsata njanji, namanga timasitoro ta mitengo ndi malata pa masiteshoni. Mpingo woyamba wa Ayuda unakhazikika ku Livingstone mu 1910, ndipo mwala wa maziko a sunagoge wa kumeneko unaikidwa mu 1928. Migodi ya mkuwa itatsegulidwa, anakwera kumpoto. Mu 1938 ndi 1939 anafikanso ena mazana awiri kapena atatu othawa Hitler ku Germany. Abale ao otsala ku Ulaya anaphedwa, anthu 6,000,000. Ku Lithuania anapulumuka osafika mmodzi mwa khumi. Pakati pa zaka za m'ma 1950 Ayuda m'Northern Rhodesia anali ngati 1,000 kapena kupitirira pang'ono, ndipo masunagoge anaima ku Livingstone, Lusaka, Ndola, Kitwe, Luanshya ndi Mufulira.

Tisaganize kuti onsewa anali akatswiri a Talmud. Ambiri anali anyamata amene anaphunzira zaka zowerengeka pa sukulu ya m'mudzi, nanyamuka ndi cimene cinatsala m'mutu. Ndipo kusunga mwambo kuno kunali kobvuta. Mapemphero ena safuna kucepera amuna 10, koma pa siteshoni ya njanji pangakhale Ayuda atatu okha. Nyama iyenera kuphedwa ndi munthu wophunzira kaphedwe kace, koma wotere anali kutali. Loweruka, tsiku la Sabata lao, ndilo linali tsiku la malonda m'tauni. Cotero ambiri anatsegula sitoro Loweruka, nasunga cakudya ca Lacisanu madzulo ndi masiku akulu a pa caka, makamaka Tsiku la Citetezo, pamene asala cakudya ndi madzi usiku ndi usana. Cimene sanacitaye konse ndi maliro. Pali ponse anakhala ambiri anapempha manda ao, nasankha anthu osambitsa mtembo ndi kuuika monga mwa mwambo.

Inu a ku migodi izi si zacilendo kwa inu. Pamene mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya unayamba kuika akulu a mitundu m'komboni mu 1931, nchito yao inali kuweruza timilandu, kulandira alendo ocokera kumudzi ndi kuona za maliro. Mtumbuka kapena Mcewa wa ku Lundazi anasiya zambiri za kwao, koma mnzace akamwalira anasonkha makobiri kuti asaikidwe ngati galu. Mlendo ali yense asankha cimene angathe kusenza.

Zenera

Ciyeso ceniceni ca cilamulo ca Ayuda m'dziko lino sicinali pa nyama kapena pa Loweruka. Cinali pa zenera.

Acikulire akumbukira. M'masitoro ndi m'mabuchala a pakati pa tauni munthu wakuda sanaloledwe kulowa pa khomo. Anaima pa mzere kunja, pa dzuwa kapena pa mvula, nagula pa kazenera ka m'mbali. Nsaru sanaikhudze asanalipire. Nyama anaipatsidwa yokulunga kale, osaona cimene ciri m'katimo, osaona sikelo. Mu 1954 African National Congress inauza anthu kuti aleke kugula m'mabuchala a ku Lusaka, ndipo mu 1956 kunyanyala masitoro kunafalikira ku migodi.

Tsono Talmud iwerenga kuti Torah icenjeza za mlendo ka 36, ndi cifukwa cimodzi cobwerezabwereza, cakuti Aisrayeli naonso anali alendo m'Aigupto. Arabi anatsutsana kuti mlendoyo ndani. Ambiri anati ndi munthu wa mtundu wina amene walowa cipembedzo cao, ndipo malamulo ena, monga loletsa ciongoladzanja pa ngongole, anawamanga pakati pa Myuda ndi Myuda mnzace pokha. Komabe anaweruzanso kuti osauka a mitundu ina adyetsedwe, odwala ao azondedwe, akufa ao aikidwe, kaamba ka mtendere. Ndiponso kuti kubera munthu wa mtundu wina kuipa koposa kubera Myuda, cifukwa kunyozetsa dzina la Mulungu. Pa zenera la ku Ndola funso linatembenuka: mlendo ndiye anali m'kati mwa sitoro, mwini dziko ali kunja.

Ayuda anali pakati. Boma linawawerenga ngati Azungu, ndipo analandira zabwino za Azungu: sukulu, malo a malonda, ufulu wa kusankha a m'bungwe la malamulo. Koma Angerezi ambiri anawapeputsa, ndipo othawa ku Germany, nkhondo itayamba mu 1939, analembedwa ngati anthu a dziko la adani, iwo amene dziko lomwelo linawapitikitsa. Munthu woopa kupitikitsidwa kaciwiri sakonda kuutsa mapiri pa cigwa. Cotero ambiri anakhala cete, natsata mwambo wa tauni monga Azungu ena onse, ndipo zenera linalipo pa masitoro a Ayuda monga pa ena. Kudziwa lamulo ndi kulicita ndi zinthu ziwiri.

Amuna awiri aonetsa bwino kusiyana kwa njira. Roy Welensky anabadwira ku Salisbury mu 1907. Atate wace anali Myuda wa ku dera la Vilna, mai wace Mbunu. Anakula wosauka, nayendetsa sitima ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, natsogolera bungwe la Azungu a pa njanji. Iye ndiye analimbikira Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, nakhala nduna yaikulu yace kuyambira 1956 kufikira cinatha mu 1963. Umphawi anaudziwa, kunyozedwa anakudziwa, koma mphamvu zace anazipereka kuti ulamuliro ukhalebe m'manja mwa Azungu.

Simon Zukas anabadwira ku Lithuania mu 1925, nafika ku migodi mu 1938 ali mnyamata. Anagwira usilikari m'gulu la King's African Rifles pamodzi ndi asilikari akuda, naphunzira za umisiri wa zomangamanga ku Cape Town. Atabwera ku Ndola analowa m'kabungwe kokana Citaganya, pamodzi ndi Justin Chimba ndi Reuben Kamanga, mwana wa kum'mawa amene pambuyo pace anakhala waciwiri kwa Pulezidenti Kaunda. Mu 1952 boma linamgwira, linamsunga m'ndende ku Livingstone miyezi 8, nilimpitikitsira ku England. Anabwera dziko litalandira ufulu, nakhala nzika ya Zambia. Zukas sanali rabi, ndipo maganizo ace a ndale anali a Sosholizimu. Koma anadziwa cimene cinagwera Ayuda a ku Lithuania, ndipo mwambi uja wakuti caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe, sanafunikire womasulira. Mu 1996, ali nduna ya boma, anatula udindo wace pokana lamulo loletsa munthu amene makolo ace anabadwira kunja kupikisana pa upulezidenti, lamulo limene linatsekereza Kenneth Kaunda cifukwa makolo ace anacokera ku Nyasaland. A ku Lundazi, amene abale anu ali ku Mzimba ndi ku Kasungu, mudziwa kulemera kwa nkhani yotere. Anamwalira mu 2021.

Panalinso Peter Fraenkel, amene anathawa ku Breslau ndi makolo ace mu 1939. Atakula anagwira nchito pa nyumba ya wailesi ya ku Lusaka, masiku a wailesi ija ya ngati sefuliya, pamodzi ndi aulutsi akuda, ndipo mu 1959 analemba buku la nchitoyo lochedwa Wayaleshi.

Cimene catsala

Ufulu utafika mu 1964, ndipo makamaka pambuyo pa malamulo a ku Mulungushi a 1968, amene anasiyira nzika zokha malonda ambiri a m'masitoro, Ayuda ambiri anacoka, ena kunka ku South Africa, ena ku England, ku Israel ndi ku America. Otsala ndi ocepa kwambiri. Masunagoge a ku migodi anatsekedwa, ndipo ena anasanduka nyumba zopemphereramo Akristu. Mbiri yao inalembedwa ndi Hugh Macmillan ndi Frank Shapiro m'buku la 1999 lochedwa Zion in Africa, ndipo ku Livingstone kuli nyumba yosungiramo zakale zao. Mukapita ku manda akale a m'matauni a pa njanji mudzaona miyala yolembedwa zilembo za Cihebri, zowerenga kuyambira ku dzanja lamanja.

Tibwerere kwa mnyamata wathu wa ku Lundazi. Funso lace linali lakuti, cinawasunga n'ciani? Sicinali dziko, pakuti zaka mazana ambiri analibe lao. Sinali mfumu, sanali kacisi. Cinawasunga ndi mwambo umene anauphunzira mpaka unalowa m'mutu, naukambirana mbadwo ndi mbadwo, naufunsa mafunso atsopano pofika m'dziko latsopano. Ndipo mwambowo sunalekanitse za Mulungu ndi za pa msika: mbale ya sikelo yosapukuta inali mlandu pamaso pa Mulungu monga pemphero losiyidwa. Pamene ana a mwambowo anaukumbukira, dziko lino linapindula nao. Pamene mantha ndi phindu zinawaiwalitsa, anaima kuseri kwa zenera monga ena onse.

Zenera linatsekedwa kalekale, ndipo lero m'kati mwa sitoro muli ife. Ndife tigulitsa ufa ndi makala pa msika wa Chisokone ku Kitwe ndi wa Soweto ku Lusaka. Ndife tipita ku Lundazi nthawi yokolola ndi sikelo ndi meda kukagula nshawa, nyemba ndi cimanga kwa amai okalamba osadziwa kuwerenga manambala. Ndife tilemba anchito a m'nyumba ndi kuwauza kuti adikire mwezi wa mawa. Bwalo la kwa Mwase liri kutali mamailosi mazana, ndipo palibe nduna yotiona. Mau a akulu akoma akagonera, koma agonera mwa munthu amene anawaphunzira. Cotero ndikufunsani inu amene ana anu abadwira m'komboni: kodi adziwa umo agogo ao anaweruzira mlandu wa ng'ombe yodya mmera, kapena wa waganyu womanidwa malipiro ace? Ngati sadziwa, akhazikeni pansi madzulo ano, muwasimbire mlandu umodzi, ndipo muwalole akutsutseni.